PHUNZIRO 23: ZOPEREKA ZA PA MADYERERO NDI MASIKA ATHU

Werengani: Levitiko 23:9-22, Deuteronomo 16:9-17
Vesi loloweza: Deuteronomo 16:17
Cholinga: Ana adziwe kuti chopereka cha masika ndicho kuyamika Mulungu amene anayamba kutipatsa ife.

KWA MPHUNZITSI
Werengani ndime izi kwanu musanafike tsiku la Sabata. Tengani zisononkho ziwiri za chimanga, china chabwino, china chofumbwa.

NKHANI
Mulungu analamula Aisrayeli kuti amuna onse azionekera pamaso pake katatu pa chaka, ndipo asamafike chimanjamanja. Nthawi zitatuzi zinali kutsata ntchito ya kumunda.

1. Paskha ndi Mkate Wopanda Chotupitsa. Barele akayamba kucha, anali kupereka mtolo woyamba kwa wansembe. Panalibe wololedwa kulawa zatsopano mtolowo usanaperekedwe.
2. Madyerero a Masabata. Anali kuwerenga masabata 7, ndipo pa tsiku la 50 anali kubwera ndi mikate iwiri ya ufa watsopano. Ndilo tsiku la Pentekoste.
3. Madyerero a Misasa. Mwezi wa 7, atatuta zonse, anali kukhala m'misasa masiku 7, kukumbukira ulendo wa m'chipululu. Pa masiku amenewa anali kupereka ng'ombe 70 (Numeri 29).

NANGA IFE LERO?
Ana adzafunsa chifukwa chake ife sitipha ng'ombe m'tchalitchi. Auzeni kuti Yesu Khristu anadzipereka kamodzi kokha chifukwa cha machimo athu, ndipo nsembe ina siifunikanso (Ahebri 10). Chimanga chathu sichingagule chikhululukiro. Koma kuyamika sikunathe ai. Pa masika tisunge zinthu zinai izi:

(a) Mulungu ayambe. Mkhristu apatule za masika pokolola pomwepo, asadikire kuti aone zotsala pansi pa nkhokwe.

(b) Tipereke zabwino. Onetsani zisononkho zija, mufunse ana chimene angapatse mlendo wolemekezeka. Mneneri Malaki anadzudzula anthu opereka nyama zakhungu ndi zopunduka (Malaki 1:8).

(c) Yense monga analandira. Wokolola ngolo zisanu ndi wokolola madengu awiri sangapereke mofanana, ndipo Mulungu sanafune kuti afanane. Paulo anauza Akorinto zomwezo: tsiku loyamba la sabata munthu aliyense aike padera monga anapindula (1 Akorinto 16:2).

(d) Osauka akondwere nawo. Pa madyerero panali malo a Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Mwini munda analetsedwa kukolola mpaka m'mphepete, kuti aumphawi akunkhe. Mpingo woiwala anthu otere pa masika wasunga mwambo, koma wataya mtima wa lamulo.

CHENJEZO
Aphunzitsi, m'kalasi mwanu muli ana amene kwao sanakolole, ena akuleredwa ndi agogo okalamba. Musatchule maina a opereka zambiri pamaso pa anzao, kapena kufunsa mwana chifukwa chake wabwera ndi kambale kakang'ono. Mwana akachita manyazi tsiku limenelo akhoza kuleka Sande Sukulu, naganiza kuti nyumba ya Mulungu nja olemera. Muwakumbutse za mkazi wamasiye amene Yesu anamyamikira chifukwa cha tindalama tiwiri (Marko 12:41-44). Dzira limodzi, mtolo wa nkhuni kapena kusesa m'tchalitchi nzolandirika.

MAFUNSO
1. Tchulani madyerero atatu a Aisrayeli.
2. Chifukwa ninji sitiperekanso nsembe za nyama?
3. Ndani anali kukondwera nawo pa madyererowo?
4. Mwana wopanda munda angapereke chiyani?

NTCHITO
Pemphani akulu a mpingo akuuzeni nkhalamba imodzi yosowa m'dera lanu. Kalasi lonse likaichezere sabata lino, kukaitungira madzi ndi kuitolera nkhuni.

PEMPHERO
Atate wathu, mvula, nthaka ndi mphamvu zolimira nzochokera kwa Inu. Tiphunzitseni kupereka mokondwera ndi kukumbukira osowa, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.