MUYESO WA WOLOWA M'MALO

Pamene kalabu ya mpira iribe manijala, ndiye munthu wosankha osewera ndi kuwaphunzitsa, anthu okonda kalabuyo sagona tulo. M'basi, pa msika ndi pa nchito pomwe, nkhani ikhala imodzi yokha: abwere yani? Mkangano wotere umveka ngati maceza cabe, koma m'kati mwace muli funso limene likhudza mudzi, sukulu ndi banja lomwe. Funso lace ndi ili: kodi munthu wolowa m'malo mwa mnzace wochuka ayenera kuyesedwa ndi muyeso wanji, ndipo apatsidwe nthawi yotani asanaweruzidwe?

Kalabu ya Manchester United ya ku England, imene iri ndi oitsata ambiri ngakhale ku Lusaka ndi ku Chipata, ithandiza kuunika funsoli. Alex Ferguson anapuma pa nchito mu Meyi 2013, atakhala manijala zaka 26, atatenganso cikho ca ligi ka 13 ndi cikho cacikulu ca ku Ulaya kawiri. Potsazika khamu la anthu pa bwalo la Old Trafford, iye anawauza kuti nchito yao tsopano ndiyo kuima pambuyo pa manijala watsopano, ndipo anthu anaomba m'manja. David Moyes, amene anatumikira Everton zaka 11, anapatsidwa pangano la zaka 6. Koma mu Malici 2014 ena mwa otsata kalabuyo analipira ndege kuti iuluke pamwamba pa bwalo ndi nsaru yonena kuti Moyes acoke. Ndipo mu Epulo anacotsedwadi, miyezi 10 isanathe.

Pa mikangano imene inatsata, anthu anagawikana patatu. Ena anati pafunika munthu wa dzina lalikulu, amene osewera adzamuopa. Anadza Louis van Gaal, natenga cikho ca FA mu Meyi 2016, nacotsedwa patapita masiku awiri okha. Anadza José Mourinho, natenga zikho ziwiri mu 2017, nacotsedwa mu Disembala 2018. Ena anati iai, mlendo sadziwa mwambo wa pakhomo, pafunika mwana wa m'nyumba. Mpando unapatsidwa kwa Ole Gunnar Solskjær, yemwe uja anamwetsa cigoli cobweretsa cikho ca ku Ulaya mu 1999, koma nayenso anapita mu Novembala 2021. Enanso anati pafunika munthu wa nzeru zatsopano. Anadza Erik ten Hag kucokera ku Ajax ya ku Holland mu 2022, natenga zikho ziwiri, nacotsedwa mu Okutobala 2024. Motero mbali iri yonse inalandira cimene inalirira, koma pa zaka 11 zimenezo cikho ca ligi sicinabwerere.

Mbali zitatuzi zinali kusiyana pa maina okha, pakuti mumtima zonse zinali kufuna cinthu cimodzi, ndico Ferguson wina. Tsono Ferguson amene anthu anali kumkumbukira anali nkhalamba ya zikho zambiri ya mu 2013. Za Ferguson woyamba nchito anaziiwala. Iye anafika mu Novembala 1986, timu iri pafupi ndi pansi pa ligi. Mu 1987 inatsiriza pa nambala 11, mu 1988 inakwera pa nambala 2, koma mu 1989 inabwerera pa 11, ndipo mu 1990 inatsikira pa 13. Mu Seputembala 1989 inagonja 5-1 kwa anansi ace a Manchester City, ndipo caka cisanathe munthu wina anatambasula nsaru pa bwalo yonena kuti zaka zitatu za zodzikhululukira zakwana, manijala apite. Cikho coyamba, ca FA, cinadza mu 1990. Ca ligi, cimene kalabu inacisowa kuyambira 1967, cinadza mu 1993. Akadayesedwa ndi muyeso umene unayesa Moyes, Ferguson akadabwerera ku Scotland wopanda kanthu m'manja, ndipo dzina limene anthu aligwiritsa poweruza ena silikadamveka konse. Apa ndipo pagona kusalungama: wolowa m'malo ayesedwa pa ciyambi cace ndi muyeso wa matsiriziro a mnzace.

Komatu wina angatsutse, nati: kodi ali yense wopatsidwa nthawi asanduka Ferguson? Kutsutsa kumeneku kuli ndi nzeru. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma wodikira pa cigoba copanda nkhono adikira cabe. Alipo amanijala ambiri amene anapatsidwa zaka, nazitha osapindula kanthu. Cifukwa cace kudekha kokha sikukwanira; kufunika maso odziwa cimene ali kudikira.

Mlimi adziwa kuti m'mwezi wa Januwale minda yonse iribe cimanga cokolola, wa munthu wakhama ndi wa mlesi womwe. Wofuna kuisiyanitsa safunsa za nkhokwe. Alowa m'munda, naona ngati mizere yalimidwa, udzu wapaliridwa, ndi mmera waima bwino. Ndi mmene anacitira akuluakulu a kalabu pa zaka zobvuta zija. Anaona kuti Ferguson anaonjeza anthu ofunafuna anyamata aluso, anakonzanso maphunziro a osewera ang'ono, ndipo analimbana ndi cizolowezi ca mowa pakati pa osewera akulu. Mu 1987 iye mwini anapita ku nyumba ya mnyamata wa zaka 14, Ryan Giggs, kukampempha kuti alowe kalabu yace. Mu 1992 Giggs, David Beckham, Nicky Butt ndi Gary Neville anali m'timu imene inatenga cikho ca acinyamata, ndipo anyamata omwewa ndiwo anadzakhala mizati ya kalabu pambuyo pace. Martin Edwards, amene anali wa pa mpando pa nthawiyo, ananena pambuyo pace kuti nchito ya Ferguson siinali pa ngozi monga anthu anali kuganizira. Iye anali ataona munda. Khamu la pa bwalo linali kuyang'ana nkhokwe.

Pamenepa pali phunziro kwa ocemerera. Iwo aona mphindi 90 za tsiku la masewera, koma masiku ena onse a nchito sawaona. Ali nao ufulu wa kudandaula, pakuti ndiwo alipira pa cipata, ndiwonso atsala pamene osewera ndi amanijala apita; ndipo kalabu imene itseka makutu kwa anthu ace icita mwano. Koma munthu woona mbali yaing'ono ya mlandu ayenera kuweruza ndi mau ocepa. Kudandaula kuti timu yasewera moipa ndi cinthu cina. Kunyoza munthu pamaso pa dziko, mkazi wace ndi ana ace alikumva, ndi cinanso. Amene akonda kalabu pa tsiku lopambana lokha ali ngati wogula pa msika, amene acoka katundu akatha.

Phunziro lolemera koposa ligwera osankha. Kucotsa manijala nkwapafupi, cifukwa iye ndi mmodzi, pamene osewera ndi ambiri, ndipo eni kalabu sangadzicotse okha. Koma mutu umodzi susenza denga. M'caka cimene Ferguson anapuma, David Gill, mkulu woyendetsa nchito za kalabu, anatulanso udindo wace, ndipo ena mwa osewera odalirika anali atayamba kukalamba. Moyes analowa m'nyumba imene mizati yace inali kugwedezeka kale. Ndipo aka sikanali koyamba. Matt Busby atapuma mu 1969, Wilf McGuinness, wa zaka 31, anapatsidwa timu ya anthu amene anasewera nao limodzi, nacotsedwa mu Disembala 1970. Koma mabvuto sanacoke naye, pakuti mu 1974 kalabu inatsitsidwa mu ligi yaikulu. Munthu akasankha kasanu, nataya kasanu, ayenera kufunsa ngati colakwa ciri mwa osankhidwa okha. Wolemba mnzace pangano la zaka 6 alonjezanso kanthu iye mwini, ndiko kupirira naye pa zaka zoyamba. Ndipo kulipira ndalama za pangano losweka sikufafaniza mlandu wa mau osasungidwa.

Yankho tsono lingakhale lotere. Wolowa m'malo ayesedwe ndi cimene anapeza ndi cimene ali kumanga, ndipo apatsidwe nthawi yolingana ndi kukula kwa nchitoyo. Mizere ikaoneka, adikiridwe ngakhale khamu lipfuule. Ikapanda kuoneka, auzidwe zoona poyera, nacoke ndi ulemu wace. Ndipo amene anamsankha abvomere mbali yao ya colakwa asanaturuke kukafuna wina.

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu adzakomana ndi nkhaniyi kutali ndi bwalo la mpira. Tsiku lina adzalowa m'kalasi la mphunzitsi amene ana anamkonda, kapena adzakhala pa mpando wa kalaliki amene anatumikira zaka 20, ndipo adzamva anthu alikunong'ona kuti wakale uja sanali kucita cotero. Pa tsikulo adzafuna kuti anthu akumbukire kuti wakaleyo nayenso anayamba ndi manja onjenjemera. Tsiku linanso iye yemweyo adzakhala pa komiti ya sukulu, ya mpingo kapena ya kalabu ya m'mudzi, ndipo anthu adzampanikiza kuti acotse munthu watsopano mwezi usanathe. Cimene anacifuna pa tsiku loyamba lija ndico ayenera kupatsa mnzace pa tsiku laciwiri: ayambe walowa m'munda ndi kuona mizere, asanatsegule pakamwa kunena za nkhokwe.