Kulimba Mtima Kapena Liuma: Kodi Mwini Malonda Angazisiyanitse Motani?

PA July 30, 1946, sitima ya Vipya inanyamuka pa Mbamba Bay, kugombe la kummaŵa kwa Nyanja ya Malaŵi, imene anthu a ku Tanzania amaitcha Nyasa. Inali yatsopano, ndipo mwini wake anali kampani ya Nyasaland Railways. Inali nyengo ya mwera. Itayandikira Florence Bay kutsidya, pamene lerolino pamatchedwa Chitimba, mafunde anaigubuduza, ndipo anthu 145 anamira. Kwasimbidwa kuti amalinyero anachenjeza woyendetsa wake ponena za ukulu wa mafundewo, koma iye analamula kuti ulendo upitirire.

Kodi kumeneko kunali kulimba mtima? Ambiri amalingalira kuti mtsogoleri wolimba mtima ndiye amene sabwerera m'mbuyo. Komabe, kaŵirikaŵiri munthu amene amakana kubwerera amakhalanso wogwidwa ndi mantha. Iye amawopa kutaya ndalama, kuchedwa, kapena kuoneka wofooka pamaso pa antchito ake.

Chosankha cha Madzulo Alionse

Talingalirani za mwini bwato la injini pa Mbamba Bay, Liuli, kapena Lituhi. Dzuŵa likamaloŵa m'miyezi ya June ndi July, iye ayenera kugamula ngati alovi ake adzapita kukakoka usipa. Mafuta wagula kale. Mwinamwake injiniyo njangongole. Alovi eniwo angakhale akumkakamiza, pakuti malipiro awo ndiwo gawo la nsomba zogwidwa, ndipo usiku wogona pagombe umatanthauza mbale yopanda ndiwo kunyumba. Ndiyeno mabwato a anzake akukankhidwira kale m'madzi, nyali zitamangidwa.

Kunena kuti "Pitani" nkosavuta, makamaka popeza kuti mwini bwato kaŵirikaŵiri amatsala pamtunda. Sindiye amene adzalimbana ndi mafunde mumdima. Chotero kulimba mtima kumene kumaika pangozi moyo wa munthu wina sikuyenerera dzinalo. Koma kunena kuti "Lero ayi" kumamtayitsa kanthu iye mwini, ndipo kungamchititse manyazi. Bwanji ngati mphepo ileka pakati pa usiku, ndipo mmaŵa anzake akocheza ndi mabwato odzaza? Anthu adzamseka. Palibe amene adzamyamikira kaamba ka ngozi imene sinachitike, pakuti ngozi yopeŵedwa ilibe mboni.

Kodi Mkhalidwewu Umakulitsidwa Motani?

Palibe amene amabadwa nawo. Eni malonda ochenjera amagamula malire awo pasadakhale, nyanja ili bata ndipo mtima uli m'malo. Kodi ndi mphepo yotani imene bwato silidzapitamo? Kodi lidzanyamula anthu angati ndi matumba angati? Munthu amene wauza antchito ake malire ameneŵa poyera amapeza kukhala kovutirapo kuwaswa pamene ndalama ikumuitana.

Ndalama zosungidwa nazonso zimathandiza. Amene anapatula kenakake pamene usipa unali wochuluka angathe kupirira masiku angapo a mwera popanda kutaya mtima. Wopanikizidwa ndi ngongole amaona nyanja yolusa ngati yabata.

Komabe, mbali yovuta koposa ndiyo kumvetsera wantchito. Pausodzi wa chilimira, siginala, amene amakhala m'bwato la nyali ndi kutsogolera pokoka khoka, angakhale wosaphunzira kusukulu, koma wathera zaka zambiri akumayang'ana mitambo ndi kamvekedwe ka madzi. Kodi mwini bwato adzalola munthu amene iye amamlipira kumtsutsa pamaso pa ena? Ngati amkalipira kamodzi kokha, siginalayo adzaphunzira kukhala chete, ndipo alovi achichepere adzaphunziranso zofananazo. Chiyambire tsikulo, mwini bwatoyo adzamva zokhazo zimene afuna kumva. Zimenezi zimachitikanso m'masitolo ndi m'maofesi akutali ndi nyanja, ngakhale kuti kumeneko zotulukapo zake zimachedwa kuoneka.

Ena angatsutse kuti wamalonda wochenjera mopambanitsa sadzapindula konse, ndipo mfundoyo njoona. Usodzi uliwonse uli ndi ngozi, ndipo amene amayembekezera nyanja yopanda funde adzagulitsa khoka lake. Pali masiku pamene mwini bwato ayenera kulimbikitsa alovi ozengereza kupita. Funso limene lingamthandize pamadzulo oterowo nlakuti: Kodi iye akanalola mwana wake weniweni kukwera bwatolo?