Mahari Ndi Anu, Chemwali, Atchuleni Mokweza

Kaya ndowa ikuchitikira mumzikiti ku Scarborough kaya m'nyumba ya lendi ku Mississauga, pali kamphindi kena kamene ife amayi timakataya dala. Shehe afunsa za mahari. Mkwatibwi wazolika, zala zake zikupotokola nsonga ya mpango. Azakhali amukodola ndi chigongono: "Tchula zochepa, angamati kwathu ndife adyera." Mwana atchula kandalama kosakwana n'komwe lendi ya sabata imodzi, anthu onse n'kumutama kuti ngwoleredwa bwino.

Dzutsani mutu, chemwali! Mahari si chiwongo cha amalume, si malowolo a bambo. Sura An-Nisa, ndime 4, ikulamula mwamuna kuwapereka kwa mkazi mwiniwakeyo. Ndime 20 ikumuletsa kudzalandanso, angakhale adapereka mulu wa chuma. Ndime 7 ikupatsa mkazi gawo lake pa chuma cha masiye. Chimene Allah adakupatsani poyera, mukuchitira manyazi pamaso pa yani? Khansa bint Khidam atakwatiwitsidwa ndi bambo ake iye asakufuna, sadakalirire kuseri kwa nyumba. Adapita yekha kwa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ndipo ukwatiwo udathetsedwa. Mayi ameneyu ndi wathu, ndipo kulimba mtima kwake ndi Chisilamu chenicheni.

Koma kuno ku Ontario ufulu wongosunga m'mutu sudyetsa ana. Mu 1998 khoti lina lidakana kukakamiza mwamuna kupereka mahari a madola 30,000, ponena kuti imeneyo ndi nkhani ya chipembedzo. Amayi sadagwe mphwayi. Mu 2009 mayi wina adapambana mlandu wa mahari a madola 20,000, ndipo mu 2011 khoti la apilo la Ontario lidagwirizana nacho chigamulocho. Oweruza adaona kuti pangano lija lidalembedwa, onse awiri adasaina, mboni zilipo, monga likufunira lamulo la Family Law Act. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Lonjezo la pakamwa loti "ndidzakupatsa tikadzakhazikika" limatha tsiku lomwe chikondi chazirala.

Dziwaninso ichi. Kuchokera pamene nduna yaikulu ya Ontario panthawiyo, Dalton McGuinty, idalengeza za nkhaniyi mu 2005, ndipo lamulo n'kusinthidwa mu 2006, chigamulo cha nkhani za banja chimagwira ntchito pokhapokha chikatsata malamulo a dziko lino la Canada. Shehe akhoza kukulangizani ndi kukuyanjanitsani, ndipo timawalemekeza pa ntchito imeneyo, koma sangakakamize munthu kulipira. Choopsa kwambiri ndi ndowa yopanda chiphaso cha boma. Mukhoza kuphikira munthu zaka makumi awiri, mukulawirira m'chisanu kukagwira ntchito kuti ngongole ya nyumba iphwe, kenako n'kudzauzidwa kuti pogawana katundu lamulo silikukuwerengani ngati mkazi wokwatiwa. Zimandiwawa ndikamva mayi akuti, "Ndimaopa kufunsa, angamati sindikuwakhulupirira." Mwamuna woopa Allah sathawa cholembera.

Simuli nokha ayi. Bungwe la Canadian Council of Muslim Women lakhala likumenyera nkhani zimenezi kuyambira 1982. Ngati m'nyumba mwalowa nkhanza, Barbra Schlifer Commemorative Clinic mu Toronto momwemu imathandiza amayi pa zamalamulo, uphungu ndi otanthauzira. Ndipo taonani anzathu amene adakana kunong'ona. Zunera Ishaq wa ku Mississauga adalimbana ndi boma la Canada m'makhoti mpaka adalumbira kukhala nzika atavala nikabu yake mu October 2015. Ausma Malik adasankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Toronto mu 2022 ali ndi hijabu kumutu. Ngati awa adaima pamaso pa boma ndi pamaso pa ovota, ife tilephere kuima pamaso pa alamu athu?

Amene muli pabanja kale, sabata ino funsani kuti pepala la ndowa yanu lili kuti, muliwerenge nokha, ndipo muonetsetse ngati ukwati wanu udalembedwa kuboma. Ngati sudalembedwe, kaonaneni ndi loya kusanade. Amene mukukonzekera, kagulenitu chiphaso ku City Hall musanaitane aliyense kumpunga. Ndipo inu abambo ndi achimwene amene mumaima pamzere woyamba tsiku la Ijumaa, mwana wanu wamkazi akatchula mahari ake, mukhale oyamba kunena kuti alembedwe.