Mbale ya Esau ndi ana athu a sukulu

Kuwerenga: Genesis 25:27-34

Nkhani ya Esau tinaimva kalekale ku Sande Sukulu. Anachokera kuthengo atalefuka, napeza Yakobo akuphika mphodza, nagulitsa ukulu wake ndi mbale imodzi. Timafulumira kumutcha chitsiru. Koma tawerenganinso mofatsa. Njala ya Esau inali yeniyeni, ndipo m'nyumba monse munalibe womupatsa chakudya chaulere. Mbale wake anamutsatsa malonda. Nanga mayi anali kuti? Ndime 28 ikutiuza kuti mtima wa Rebeka unali pa Yakobo.

Mwana wa zaka 15 akanena kuti sukulu yamukwana, kawirikawiri pali njala imene ikulankhula. Ku Kitwe mnyamata amaona anzake akubwera ku Black Mountain ndi ndalama m'thumba, pamene iye walowa m'kalasi m'mimba muli gwa! Phiri lija ndi zotsalira za mgodi wa Nkana, ndipo mu June 2018 mbali yake ina inagumuka, nkupha anthu osachepera 10. Ndizo mphodza zake zimenezo. Mtsikana nayenso amaona kuti wogulitsa salaula pa Chisokone, kapena tomato pa Masala ku Ndola, amagwira ndalama tsiku lomwelo. Wina wapeza bambo wamkulu womugulira mafuta odzola ndi foni.

Tisayambe ndi kukalipa, amayi. Mukhazikeni pansi mwanayo, awiriwiri, mumufunse chimene chikumupweteka. Mwina walephera mayeso ndipo akuchita manyazi. Mwina nsapato zinang'ambika. Mwina akakhala kumwezi alibe chovala, ndiye amajomba mpaka maphunziro amusiya. Boma linachotsa fizi m'masukulu ake mpaka ku sekondale mu 2022, koma yunifolomu, makope ndi nsima ya m'mawa zikadali pamutu pathu. Ndipo tinene zoona: m'nyumba zambiri mwana wamasiye amene tikulera ndiye Esau. Iye ndiye amatumidwa kumsika nthawi ya sukulu, ana athu obereka ali m'kalasi. Mulungu amaona tsankho limeneli.

Za mimba ndizo zimatilemera. Kuyambira 1997 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Chomvetsa chisoni nchakuti nthawi zina ife a mumpingo timaumitsa mtima kuposa boma. Timamunena, timamusala, kenaka nkumukankhira kubanja asanakhwime. Tchimo lilipo ndithu, ndipo abusa ndi akulu a mpingo adzayenda naye pa njira ya kulapa. Koma Yesu sanathamangitse wolakwa wobwera kwa Iye. Kodi pakati pathu palibe agogo amene angabereke khandalo kumbuyo m'mawa kuti mayi wake akalembe mayeso?

Pali ana ena amene mabuku amawavutadi koma manja awo ngaluso. Amenewa tisawasiye pamsewu. Tiwalozere ku sukulu za ntchito zamanja zovomerezedwa ndi TEVETA, monga NORTEC ku Ndola, akaphunzire zamagetsi kapena umakaniko.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu, dera lililonse libwere ndi maina a ana amene ayamba kujomba. Tisankhe amayi awiriawiri okayendera nyumbazo ndi kukaonana ndi aphunzitsi, tikatero tione chimene thumba la Chigwirizano lingagule. Popita kumeneko musapite chimanjamanja. Nyamulani kaufa ndi sopo, ndipo mukapemphere naye mwanayo momutchula dzina.