Yambani ndi mzere wa diso

Adzukulu anga a Folomu 3 ndi 4, inu a ku Ntaja, ku Liwonde, ku Ulongwe mpaka ku Phalula, senderani kuno tikambe za samu ija mumaizemba. Aphunzitsi akangolemba pa bolodi kuti angle of elevation ndi angle of depression, ambiri mumathamangira kuloweza SOH CAH TOA, kenako chala pa kakyuleta. Kulowezako sindikukana. Koma ine ndimaona kuti malikisi ambiri amatayikira pa chojambula, kuwerengera kusanayambe n'komwe.

Musanalembe nambala iliyonse, jambulani kamunthu. Kuchokera pa diso lake kokani mzere wogona, wosakwera, wosatsika. Ngodya ziwiri zonsezi zimayambira pa mzere umenewu. Mukakweza maso kuona nsonga ya mlambe, ndi elevation. Mukaima pa Kamuzu Barrage n'kutsitsa maso kuona bwato la msodzi pa Shire, ndi depression. Mwana wopupuluma akapatsidwa madigiri 30 amawalemba pakati pa khoma la Barrage ndi mzere woyang'anira, pomwe pamenepo payenera kukhala 60. Akatero, angawerengere bwino chotani, yankho lapita. Ndipo dziwani ichi: msodziyo akadzutsa mutu kukuonani, ngodya yake ndi madigiri 30 omwewo, poti mzere wa diso lanu ndi mzere wa diso lake sikumana. Choncho tsitsirani ngodyayo pa bwatopo, thirayango yanu ioneke bwino.

Tsono tulukani m'kalasi. Tengani protractor ya m'bokosi la masamu, mumangirire ulusi pakati pake, kumapeto kwa ulusiwo kamwala. M'mbali mwake mowongokamo matanimo chubu cha bolopeni choti muzisuzumiramo. Mukayang'ana chogona, ulusi umagwera pa 90. Mukakweza, umachoka pa 90, ndipo madigiri amene wachokawo ndiye ngodya yanu. Wina asuzumire, mnzake awerenge, pajatu mutu umodzi susenza denga.

Tinene kuti mwaima mamita 20 kuchokera pa mlambe, pamalo athyathyathya, ndipo mwapeza madigiri 35. Tan 35 ndi pafupifupi 0.7, ndiye 20 kuchulukitsa ndi 0.7 ikupatsani mamita 14. Kodi mwatha? Ayi. Mwayeza kuchokera pa diso kupita m'mwamba, ndipo diso lanu silili pa dothi. Ngati lili mita 1.5 kuchokera pansi, mlambewo ndi wa mamita 15.5. Funso la MANEB likakuuzani kutalika kwa munthu, silikukongoletsa nkhani ayi, likukutcherani. Komanso mlambe ndi wonenepa. Yezani mtunda mpaka pansi penipeni pa nsonga mukuyang'anayo, osati pa khungwa. Kakyuleta nayo muziiyesa kaye: dinani tan 45. Ikapanda kupereka 1, ndiye kuti siili pa madigiri, ikonzeni.

Madigiri 45 amenewa muwakonde. Mukabwerera chambuyo mpaka nsonga ya mtengo ifike pa 45, mtunda mwaimawo kuphatikiza kutalika kwa diso ndiko kutalika kwa mtengowo. Bambo anu akafuna kugwetsa bulugamu wa pafupi ndi nyumba, muwauze msanga ngati afike pa malata.

Samu imakoma pamene tsinde la chinthu simungalifike. Rivirivi wadzaza m'mwezi wa Febuluwale, ndipo tsidya lina kuli mtengo wa mvumo. Pa gombe mwapeza madigiri 45. Mwabwerera m'mbuyo mamita 15 mosakhota, mwapeza 30. Apa pali mathirayango awiri ogawana mbali imodzi yoimirira, tiitche h. Pa 45, mtunda wokafika pa mtengo ndi h yemweyo. Pa 30, mtunda ndi h kuphatikiza 15, ndiye h ikufanana ndi tan 30, yomwe ndi 0.577, kuchulukitsa ndi mtunda umenewo. Mukasonkhanitsa ma h mbali imodzi mupeza mamita 20.5, muonjezepo diso. Mwadziwa kutalika kwa mtengo, mwadziwanso mtunda wokafika tsidya, miyendo isananyowe.

Njira yomweyi ndi imene anagwiritsa ntchito al-Biruni, katswiri wachisilamu amene anabadwa mu 973. Ku Nandana, komwe lero ndi ku Pakistan, anayamba wayeza kutalika kwa phiri ndi ngodya ziwiri ali m'chigwa. Atatero anakwera pamwamba n'kuyeza kangodya kakang'ono ka depression kofika pamene thambo limaoneka ngati lakumana ndi dziko. Ndi nambala ziwirizo anawerengera mtunda wochokera pamene tapondapa kukafika pakatikati pa dziko lapansi, ndipo yankho lake linayandikira makilomita 6,371 amene akatswiri amanena lero. Analibe kakyuleta, ngakhale ya pa foni.

Inuyo phiri la Chikala lidikire kaye. Loweruka likubwerali yambani ndi nsanja ya netiweki ya pamsika wakwanu: muiyeze muli pa mitunda itatu yosiyana, mulembe zonse m'kope. Mayankho akasiyana ndi mamita oposa awiri, onani ngati malowo ndi otsetsereka, kapena ngati mphepo imagwedeza kamwala kaja.