Za Mangawa a Woyamba Nthano

Abale okondedwa a m'midzi yozungulira phiri la Mulanje, mwezi uno ndifuna kuti tiweruze pamodzi mlandu wina umene wacokera kutali, kutsidya kwa nyanja, koma muzu wace uli mumtima mwa munthu ali yense, ngakhale mwa ife okhala pakati pa minda ya tiyi. Mlanduwo ndi uwu: munthu akayamba kusimba nthano, anthu namchera khutu, kodi ali nao mangawa a kuitsiriza? Ndipo akacedwa, kodi omverawo acita bwino pomkwiyira ndi kumnyoza?

Tonse tidziwa mwambo wa nthano. Madzulo titatha kudya, agogo ayamba ndi mau akuti, Padangokhala. Ndipo ana abvomera, Tiri tonse. Mau amenewa ndiwo pangano. Wosimbayo alonjeza kutitsogolera kufikira kumene nkhani ithera, ndipo omvera alonjeza kuti sadzasokosa kapena kuodzera. Taganizani tsono agogo atafika pamene Kalulu wagwidwa pacitsime, nyama zonse zitasonkhana kuti zimuphe, pomwepo iwo nanyamuka nati, Zotsalazo ndidzanena mawa. Ana adzadandaula, koma adzagona. Mawa likafika agogo ati, Mkuja. Mkuja ukafika ati, Mwezi wa mawa. Kufikira anawo akula, nakwatira, nabala ana ao, Kalulu ali cigwidwire pacitsime paja. Kodi pamenepo tidzati ciani?

Cinthu cotere cacitikadi. Ku Amerika kuli mlembi dzina lace George R. R. Martin, wobadwa m'caka ca 1948. Iye anayamba nthano yaitali ya m'Cingerezi yonena za dziko longopeka, m'mene mafumu alimbirana mpando wacifumu, muli zinjoka zamapiko zolavula moto, ndi akufa oyendayenda m'cisanu ca kumpoto. Ife amene tinakula tirikumva za Napolo wa m'phiri sitidzazizwa kuti anthu akonda nkhani zotere. Dzina la nthanoyo ndilo A Song of Ice and Fire, ndipo mwini wace anati idzakwana mabuku 7. Loyamba linaturuka mu 1996, laciwiri mu 1998, lacitatu mu 2000. Pamenepo miyendo inayamba kulemera: lacinai linafika mu 2005, ndi lacisanu mu 2011. Lacisanu ndi cimodzi, limene analipatsa kale dzina lakuti The Winds of Winter, caka ca 2024 cinatha lisanaoneke, ndiko kunena zaka 13 za kudikira. Mwana wobadwa pamene buku lacisanu linaturuka anali atafika msinkhu wa kulima ndime yace yekha.

Pakati apo anthu a kanema anaitenga nthanoyo, nayamba kuionetsa mu 2011, nampitirira mwini wace, naitsiriza mwa nzeru zao mu 2019. Ndipo ambiri sanakondwere nao matsirizidwewo. Mlembiyo anabvomera yekha kumayambiriro kwa 2016 kuti walephera kutsiriza pa nthawi imene anayembekeza. Mu 2018 anaturutsa buku lina, Fire & Blood, lonena za mafumu akale a dziko lomwelo, pamene anthu anali kulindira lina lija. Cifukwa cace owerenga ambiri apsa mtima. Ena amchula waulesi, ena wonyenga, ndipo ena, opanda manyazi, awerenga zaka zace poyera nanena kuti adzafa asanatsirize.

Tiyambe kumva owerengawo, pakuti mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Iwo ati: Sitinampemphe ife kuti ayambe. Anadza yekha pabwalo natiuza kuti mabuku adzakhala 7. Ndipo ife tinaturutsa ndalama zathu, tinataya tulo usiku wambiri, tirikukhulupirira kuti ulendo uli ndi pofikira. Tikadadziwa kuti adzatisiya pakati pa mtsinje, sitikadalowa m'madzi. Mau amenewa sindingathe kuwapeputsa. Tiri nao mwambi wakuti, Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndiko kuti mau oturuka m'kamwa amanga mwini wace ngakhale atamlemera. Ambuye wathunso, pa Luka 14, anacenjeza za womanga amene akumba maziko asanayese cuma cace, nasanduka coseketsa ca odutsa m'njira. Ndipo buku la Miyambo, mutu 13, lizindikira kuti kudikira kosaoneka mathero ace ndi nthenda yeniyeni. Cotero wodandaulayo tisamuyese wopusa. Pali cimene cimpweteka.

Tsono timve mbali ya mlembi. Kulemba nthano sikufanana ndi kuunda mizere, kumene kapitao ayesa ndime ndi cingwe nati, Pofika masana ukhale utatha apa. Mlembi angathe kulemba masamba khumi lero, m'mawa mwace nawang'amba onse, poona kuti wasokera njira. Ndipo nthano ikakula, nikhala ndi anthu mazana, kuilunzanitsa kuli ngati kusoka mphasa yaikuru imene bango liri lonse liyenera kukhudzana bwino ndi linzace. Ife a kuno tidziwa kuti tiyi wobzalidwa caka cino sathyoledwa caka ca mawa. Mwini munda apirira zaka zitatu kapena zinai. Mlembi wina wa ku Mangalande, J. R. R. Tolkien, anaturutsa The Hobbit mu 1937, ndipo osindikiza anampempha msanga buku lotsatira; koma The Lord of the Rings linayamba kuoneka mu 1954, patapita zaka 17, nilitsirizika mu 1955. Lero anthu aliwerenga m'maiko ambiri, ndipo sindinamve wina akuti likadakoma koposa likadafulumira.

Tisaiwalenso Buku Lopatulika limene liri m'manja mwathu. Amishoni a mipingo yosiyana anapangana mu 1900 kuti pakhale Baibulo limodzi la Cinyanja. Abusa William Murray a ku Mvera anatsogolera nchitoyo, pamodzi ndi abusa Alexander Hetherwick a ku Blantyre ndi aphunzitsi a dziko lino. Cipangano Catsopano cinatsogola, nkhondo yaikuru ya 1914 inadutsa pakati, ndipo buku lathunthu linasindikizidwa mu 1922. Zaka 22! Alipo Akristu oyamba amene analowa m'manda asanaligwire ndi manja ao. Koma otembenuzawo akadathamanga cifukwa ca kulira kwa anthu, tikadalandira mau opotoka, ndipo ana athu akadaloweza zolakwa.

Palinso cina cimene owerenga okwiya aiwala. Wogula buku wagula mapepala ndi nkhani iri m'menemo, ndipo walandira cimene analipira, mlembiyo sanamgule. Ife okhala pafupi ndi mpata wa Fort Lister, pamene magulu a akapolo anali kudutsa kunka kugombe kufikira linga linamangidwa mu 1893 kuti litseke njirayo, tiyenera kunthunthumira tikamva munthu alankhula za mnzace ngati ciwiya cace, namletsa kupumula, kapena kuyenda ulendo, kapena kulemba kanthu kena. Ndipo uja awerenga masiku a nkhalamba cifukwa ca nthano yokha afanana ndi mwana amene, pomva kuti agogo adwala, angofunsa kuti, Nanga za Kalulu adzatiuza ndani?

Kusaleza mtima kuli ndi zipatso zace, ndipo siziri zabwino. Pa Eksodo 32 timva kuti Mose atakhalitsa m'phiri masiku 40, anthu anatopa kudikira, naumiriza Aroni kuti awapatse kanthu kooneka ndi maso. Ndipo cimene analandira ndico fano la mwana wa ng'ombe. Zinateronso ndi John Bunyan, amene analemba buku lija la ulendo wa Mkristu limene ambiri a ife tilikonda. Gawo loyamba linaturuka mu 1678, ndipo laciwiri, lonena za mkazi wa Mkristu ndi ana ace, mu 1684. Pakati pa zaka 6 zimenezo anthu ena, poona njala ya owerenga, analemba zotsatira zao zao, kotero kuti Bunyan anayenera kucenjeza anthu kumayambiriro kwa gawo lace lenileni. Pamene pali anthu osafuna kudikira, sipasowa wowagulitsa cakudya cosapsa. Akuru anati, Kuthamanga sikufika. Anatinso, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga tiweruze bwanji? Ine ndiona kuti mangawa alipo ndithu, koma tizindikire mtundu wace. Tsiku la kutsiriza siliri m'manja mwa munthu, cifukwa cace silingakhale mangawa. Mangawa a woyamba nthano ndi awiri. Oyamba ndiwo khama: asaitaye nchito m'mtima mwace pamene pakamwa anena kuti irikuyenda, ndipo asadye ulemu wa ciyambi nakana thukuta la cimariziro. Aciwiri ndiwo lilime loona: asachule caka cimene sadziwa ngati adzacikwanitsa, ndipo akalephera abvomere poyera. Za lilime anthu angathe kuweruza, pakuti mau amveka. Za khama la m'cipinda cotseka woweruza ndiye Mulungu, ndipo ife tiope kulowa pampando wace.

Citsanzo ca munthu wolipira mangawa otere ndi mlembi winanso wa ku Amerika, Robert Jordan, amene anayamba nthano yace The Wheel of Time mu 1990. Atalemba mabuku 11 anagwidwa ndi nthenda yosacizika. Podziwa kuti cakudza siciimba ng'oma, anasiya zolemba, nafotokozera a pabanja pace m'mene nthano iyenera kuthera. Namwalira mu 2007. Mkazi wace anasankha mlembi wacinyamata, Brandon Sanderson, amene anaitsiriza m'mabuku atatu, lotsiriza mu 2013. Jordan sanathe kulamulira masiku ace, koma anakumbukira iwo amene anamyankha kuti, Tiri tonse.

Mwina wina adzati, Aphunzitsi, ife mabuku amenewa sitiwawerenga, zitikhudza bwanji? Tayang'anani m'midzi mwathu. Nyumba zopemphereramo zingati zinaima pofika pamazenera, mvula ndi mvula njerwa zirikusungunuka, cifukwa amene analonjeza malata pa tsiku la cikondwerero anakhala cete? Makomiti angati anayamba ndi nyimbo natha popanda wonena kuti tatha? Ndipo taganizani mnyamata amene anaonekera kwa ankhoswe, nanka ku Joni, nalankhula pa lamya caka ndi caka kuti, Ndidzabwera pa Krisimasi. Mwana wa eni ace alikukalamba pakhomo pa amace, osamasuka, osakwatiwa. Mangawa awa alemera koposa a nthano, pakuti wowerenga angathe kutsegula buku lina, koma mkazi uja alibe moyo wina wakuti autsegule. Tonse tiri owerenga odikira pa zinthu zina, ndipo pa zina tiri alembi ocedwa. Musanakwiyire mlembi wa ku Amerika, yambani mwawerenga nthano zimene munaziyamba inu. Ngati mungathe kutsiriza, tsirizani. Ngati simungathe, pitani kwa iye amene akudikirani, numuuze zoona, kuti amasuke.

Ndipo kwa inu odikira ndinena ici: musalole kuti cosafikaco cikulandeni cimene cafika. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Wa pacala ngwa mphepo. Iye amene anakondwera ndi mabuku asanu analandira cokoma ceniceni, ndipo sicisanduka cowawa cifukwa lacisanu ndi cimodzi lacedwa. Funsani mwaulemu, dandaulani ngati mwapwetekedwa, koma musatukwane, ndipo musakhumbire munthu coipa.

Cotsiriza, tisadabwe kuti mtima wa munthu ukana nkhani yoduka pakati. Mulungu anatilenga ofuna kudziwa mathero, ndipo ife Akristu tikhala masiku athu onse pakati pa gawo lina ndi linzace, pakuti Ambuye anadza, ndipo analonjeza kudzanso, osachula tsiku. M'masiku a atumwi omwe analipo oseka kuti lonjezolo lacedwa. Ndipo kalata yaciwiri ya Petro, mutu 3, iwayankha kuti cimene iwo aciyesa kuzengereza ndico cifundo, kuti anthu apeze nthawi ya kutembenuka mtima. Alembi a padziko atopa, adwala, amwalira; Iye sadzasiya nchito yace pakati. Pamene tirikumdikira, tiphunzire kuleza mtima pa anzathu ocedwa, ndi kutsiriza mokhulupirika zazing'ono zimene tinaziyamba tokha.

Ndine mbale wanu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa ku Mulanje.