Zaka za mwana pakhomo la chapa



Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, nkhani ya lero ena mwa inu muiona ngati yachibwana. Bambo wanyamuka pa Ulónguè ndi mwana wake ulendo wa ku Tete. Pakhomo la chapa kondakitala afunsa kuti, "Mwanayu ali ndi zaka zingati?" Mwanayo ali ndi zaka 7, sukulu anayamba kale. Bambo ayankha kuti 4, namunyamula pamiyendo, ndalama ya mpando n'kutsala m'thumba. Pofika pa Mussacama miyendo yachita dzanzi, mwana uja watsetserekera pampando umene sanaulipire. Abale athu a m'mizinda ikuluikulu amachita zomwezi pazipata za malo osewererako ana, kumene wamng'ono amalowa pamtengo wotsika.

Ndikudziwa chimene mtima umanena: mbatata sinagulidwe bwino, ya feteleza sinakwane, ndipo mwini galimoto sangasauke ndi mpando umodzi. Umphawi ndi weniweni, sindikuutsutsa. Koma kawirikawiri wopsa si mwini galimotoyo. Dalaivala ndi kondakitala amakhala ndi ndalama yoikika yoti akapereke madzulo, ndipo chawo ndi chimene chatsala. Surat Al-Mutwaffifina inatsika kudzudzula anthu ofuna muyeso wodzaza akamagula, koma ochepetsa akamayezera anzawo. Kondakitala yemweyo akatibera chenje, chapa yonse imamva mawu athu.

Komabe ndalama si imene yandiimika pano. Chandiimika ndi mwana uja. Iye zaka zake amazidziwa bwino. Ana amaziwerenga ndi zala, amanyadira nazo. Wamva bambo wake, munthu amene amamutsogolera ku mzikiti, akunena chimene onse awiri akudziwa kuti si choona. Ena timafika pomulangiza tisanachoke pakhomo: "Akakufunsa unene kuti 4, usalankhule zambiri." Apa bodza silinangonenedwa pamaso pa mwana, laikidwa m'kamwa mwake. Madzulo tikumutumiza ku madrasa kuti akaphunzire kuti bodza ndi haramu. Kodi atsatira mphunzitsi uti, wa pamkeka kapena wa m'chapa?

Imam Abu Dawud analandira nkhani ya Abdullah bin Amir, Allah asangalale naye. Tsiku lina ali mwana, Mtumiki ali m'nyumba mwawo, mayi ake anamuitana momunyengerera kuti amupatsa kanthu. Mtumiki anafunsa mayiyo chimene amafuna kumupatsa, iye n'kuyankha kuti tende. Pamenepo Mtumiki anamuuza kuti akanapanda kumupatsa kanthu, likanalembedwa kwa iye bodza. Taonani, panalibe wobedwa, panalibe ndalama, panali kamwana ndi tende basi. Ife timati mwana samva. Mtumiki anamuwerengera kuti ndi munthu woyenera kuuzidwa zoona.

Malire a zaka si chinthu chachilendo m'chipembedzo chathu. Pa nkhondo ya Uhud, m'chaka cha 3 cha Hijra, Abdullah bin Umar anadzipereka ali ndi zaka 14, Mtumiki n'kumubweza. Linali chaka chimodzi chokha chimene chinkamutchinga, ndipo chimene ankachifuna chinali chabwino. Anabwerera ndi zaka zake 14, mpaka pa nkhondo ya Khandaq, ali ndi zaka 15, pamene analoledwa.

Wina anena kuti, nanga lamulo likakhala lopweteka osauka? Yankho lili kwa bambo ake a Abdullah yemweyo. Ali Khalifa, Umar bin Khattab ankapereka thandizo la m'thumba la boma kwa ana okhawo amene asiya kuyamwa. Usiku wina ku Madina anamva khanda likulira kosatonthola. Atafunsa, mayi ake anamuuza, osadziwa kuti akulankhula ndi ndani, kuti akulisiyitsa bere nthawi isanakwane chifukwa Umar sapereka kanthu kwa oyamwa. Kutacha Umar analengeza kuti thandizolo liziperekedwa kwa mwana aliyense kuyambira pobadwa. Chimene chinasintha lamulo ndi choonadi chimene mayi uja ananena. Akanangonama kuti mwana wake anasiya kale, akanalandira yekha, makanda a anzake n'kumalirabe.

Ndiponso lilime lozolowera kuchotsa zaka silivutika kuziwonjezera. Kuyambira 2019 lamulo la dziko lathu la Mozambique limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kholo limene linati mwana wa zaka 7 ali ndi 4 likhoza kudzati mtsikana wa zaka 15 ali ndi 18, akamwini akabwera ndi chuma. Pamenepo cholipira si mpando wa chapa ayi, ndi sukulu ya mwanayo ndi thupi lake.

Ndalama ikapelewera, kupempha n'kololedwa. Munene poyera mwanayo akumva: "Achimwene, mwanayu ali ndi zaka 7, koma ndili nazo ndi izi, ndithandizeni." Akavomera, chimene wakusiyirani ndi sadaka yake, ndipo kwa inu ndi halali. Akakana, ndi ufulu wake. Mudikire chapa ina.

Kwa amene tinachita kale, ndalamayo ibwerere. Makondakitala a mseu uwu timawadziwa nkhope. Ngati uja sakupezekanso, iperekedwe sadaka m'malo mwake. Kenako mumuitane mwanayo, mukhale naye pansi, mumuuze kuti tsiku lija munalakwitsa, ndi kuti zaka zake ndi 7.